Mmene Likongwe Anasamutsira Mphasa ya Kiriketi

Padangokhala! Vomerani mwamphamvu, chifukwa nthano iyi ndi yamatope, ndipo amene akhale chete ndimupaka kumaso.

Padangokhala bwalo limodzi la eni awiri. Eni oyamba anali a mpira wamiyendo: a Mbidzi, a Nyumbu, a Mphalapala ndi ena onse oyenda ndi ziboda, tcheya wawo ali Njati. Eni achiwiri anali a kiriketi, masewera aja oti wina amaponya kampira kolimba, wina n'kumakamenya ndi thabwa kuti kasagwetse timitengo titatu tozika kumbuyo kwake. Amenewa anali tinyama ta matupi opepuka. Kaputeni wawo anali Nkhanga, wa pakamwa posatseka. Woponya anali Gologolo. Fulu ankaima kuseri kwa timitengo, poti kampira kakamuwomba pamsana iye sankamva kanthu.

Koma amene ankachititsa kuti kiriketi iseweredwe n'komwe sanali womenya kapena woponya. Anali mayi Likongwe, wosamala mphasa. Musaganize za mphasa yogonera ayi. Iwo ankatchula choncho kamzere ka dongo lakuda pakati pa bwalo, kotalika mayadi makumi awiri ndi awiri, pamene kampira kamanjanja kasanafike kwa womenya. Dongolo Likongwe analitapa yekha pa chulu china chakuda, n'kulisefa, n'kuligogoda ndi musi, n'kulizira ndi mwala wosalala kwa zaka zisanu ndi zinayi. Chulucho Njovu anachigumula kalekale. Dongo lina lililonse limene anayesa linkang'aluka likangoona dzuwa.

Likongwe anali ndi nyimbo yake yogwirira ntchito. Inkaitana dongo monga mayi aitanira mwana wochedwa kuchitsime, kenako inkatchula mayadi amene atha ndi amene atsala, ndipo ovomera ankayankha mwachidule kuti mawa abweranso. Inali nyimbo yosavuta, yoti ukaimva kamodzi imakukakamira m'mutu mpaka kumunda.

Loweruka lililonse a ziboda ankaikumba mphasa ija posewera. Lamlungu m'mawa Likongwe ankaikonza. Iwo nawonso ankadandaula kuti kamzere kameneka n'kouma ngati mwala, kamawasupula mawondo akagwa. Ankangopirirana choncho, mpaka tsiku lina Njati anaitanitsa msonkhano.

"Kuyambira lero mpira ndi wa tsiku ndi tsiku," anatero Njati. "Inu a timitengo muzisewera kamodzi pamwezi, kukakhala kuti ife tatopa."

"Ndiye tisamuka!" anakuwa Nkhanga.

"Njira ndi iyo."

Mvuu anawapatsa malo pafupi ndi chitsime, kungodutsa mpanda wa bwalo n'kuyenda pang'ono. Malowo anali abwino, koma anali mchenga. Gologolo ataponya kampira, kanangoti phwii pansi ngati mbatata yogwera m'phulusa, osanyamukanso. Onse anayang'anana. Gulu la a Ng'azi a kutsidya kwa mtsinje linali kubwera kudzalimbirana chikho patatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo lamulo linali loti gulu lopanda mphasa limafafanizidwa, silidzaseweranso mpaka kalekale.

"Mphasa tili nayo," anatero Likongwe. "Yangokhala pamalo olakwika. Tikaitenge."

M'mawa mwake anapita ndi makasu ndi madengu. Anagamula dongo, n'kusenza. Pachipata anapeza Njiri, mlonda wa bwalo, ataima ndi mano ake okhota.

"Muli chiyani m'madengumo, mayi?"

"Dongo langa, bambo."

"Dikirani a Tcheya."

Njati anabwera akubzikula. "Timitengo tengani. Mathabwa tengani. Dothi ndi la bwalo."

"A Tcheya, dongo limeneli ndinabwera nalo ndine. Komanso inu mumadana nalo."

"Ndimadana nalo, inde, koma ndi langa. Gulu lanu likafa mudzabwera kuno kudzatitungira madzi. Njiri, khutula!"

Njiri anakhutula madengu onse. Likongwe anabwerera akuimba nyimbo yake, ndipo nyimboyo inati palibe yadi imene yatha, onse makumi awiri ndi awiri atsala.

Tsiku lachiwiri anatuma Gologolo ndi abale ake kuti alowe ngati akudzatsanzika, aliyense adzaze dongo m'masaya. Potuluka Njiri anawaimitsa.

"Mwaswera bwanji, ana inu?"

Iwo anangogwedeza mitu.

"Makolo anu sanakuphunzitseni kuyankha moni? Ndati mwaswera bwanji?"

Gologolo anali mwana woleredwa bwino, ndipo ulemuwo ndi umene unamupweteka. Anayankha, dongo n'kugwa. Njiri anawakutumula onse mmodzimmodzi. Likongwe anaimbanso, ndipo nyimbo inatchula nambala yomwe ija.

Tsiku lachitatu anapaka dongo m'kati mwa chigoba cha Fulu. Fulu amayenda pang'onopang'ono kale, ndiye ndi katundu ameneyo zinafika poti ngakhale Njiri, amene sanali wanzeru kwenikweni, anadabwa. Anamutembenuza chagada, n'kumuthira ndowa ya madzi, matope akuda n'kuyenderera pachipata ponse.

Apa Njati anapsa mtima zenizeni. Anaima m'matopemo akupondaponda, n'kulengeza pamaso pa onse: "Tamverani! Wa kiriketi aliyense amene ndimupeze atanyamula dongo la pano, kaya m'dengu, kaya m'kamwa, kaya m'chigoba, ndimuponda mpaka aphwatalale!"

"Mwamveka, a Tcheya," anatero Likongwe atagwada. "Ife a kiriketi sitidzanyamulanso."

Njati anatuluka pachipata monyada. Atayenda pang'ono anayamba kutsimphina, n'kugwedeza mwendo, chibuma cha dongo lakuda n'kugwa kuchokera pakati pa chiboda. Chinagwera panja pa mpanda. Likongwe anachitola Njiri akuona, ndipo Njiri sanamuletse, poti chinali panja. Mayiyo anachiyang'ana chibumacho nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanaimbe.

M'mawa mwake anafika kwa Njati ali ndi mtsuko pamutu.

"A Tcheya, ndabwera kudzapepesa. Zaka zonsezi kamzere kanga kakusupulani mawondo. Poti katsala m'manja mwanu, ndiloleni ndizikathirira madzi m'mawa uliwonse kuti kafewe."

Njati anaseka. "Mwayamba kale kutitungira madzi? Thirirani, mayi, thirirani!"

Ndikuuzeni zoona, palibe chinthu chimene chinamuwawa Likongwe moyo wake wonse ngati mtsuko woyambawo. Zaka zisanu ndi zinayi ankaifunditsa mphasa ija ndi udzu mitambo ikangoda, ankathamangitsa ngakhale nkhuku yofuna kupondapo. Lero anaithira madzi yekha, mitsuko makumi atatu, mpaka inasanduka phala. Masana anakhala pambali n'kumaonerera ziboda zikuivundula. Misozi inatsika, koma sanachokepo.

Mpira utatha, osewera onse anali kutsimphina. Dongo lakuda likalowa pakati pa chiboda n'kuyamba kuuma limapana ngati mbano, ndipo wa ziboda alibe chala choti adzitokose nacho.

"Pepani, pepani, abwana anga," anatero Likongwe. "Ndikanakutokosani pompano, koma mukudziwa lamulo, ine kugwira dongo muno sindiloledwa. Tiyeni kuchitsime kwathu. Pali mthunzi, ndipo ndaphika thobwa."

Anapita onse ali mdipiti. Likongwe anawakhazika pamzere, aliyense n'kumatukula mwendo umodziumodzi. Ankatokosa ndi zikhadabo zake zing'onozing'ono, n'kupala, n'kutsuka, matope onse akugwera m'lichero. Ankatero akuimba nyimbo ija, ndipo a mpira, thobwa lili m'kamwa, ankavomera mokoma kuti mawa abweranso. Za mayadi amene nyimboyo inkatchula palibe anafunsa. Wokandidwa pomuyabwa safunsa zambiri.

Atachoka, Likongwe anayenda m'njira yonse kutola zibuma zimene zinagwa. Anakayala dongolo pamchenga paja, n'kuligogoda, n'kulifunditsa udzu. Tsiku loyambalo linakwana theka la yadi.

Nkhanga atamva kuti mphasa ya kubwalo ija yathiridwa madzi, anafika nthenga zili nyankhalala.

"Mayi, mwapenga kodi? Mwaipha mphasa ndi manja anu! Kenako mukukatsuka mapazi a adani athu?"

"Ndatero, a kaputeni."

"Akupatsani chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye chifukwa chake n'chiyani?"

Likongwe akanamuuza bwanji? Chimene Nkhanga wamva m'mawa, pofika masana ngakhale achule a kudambo amakhala akuchiimba. Nkhanga anaitanitsa gulu lonse, n'kumuvula Likongwe udindo wake, n'kulamula kuti aliyense asamupatse moni ndiponso asapondeko kuchitsime kuja. Anamulanda ngakhale musi wake. Likongwe anakasema wina.

Masiku anapita. M'mawa kuthirira, masana mpira, madzulo kutokosa ziboda. Nyimbo inati mayadi atatu, inati asanu ndi awiri, inati khumi. A mpira anazolowera moti ankathamangira kuchitsime woimbira mpira asanamalize n'komwe kuliza wezulo, ndipo Likongwe akangoyamba nyimbo, miyendo inkanyamuka yokha. Mbidzi anayamba kubwera ndi alamu ake. Zikhadabo za Likongwe zinayamba kuperepeseka, zala n'kumatuluka magazi.

Tsiku lina akutola zibuma m'njira anapeza Fulu ali ndi chibuma kukamwa.

"A Fulu, simunamve lamulo la kaputeni?"

Fulu anaika chibumacho m'lichero. "Ndinamva. Anati tisakupatseni moni. Ine sindinakupatseni moni."

Kuyambira tsikulo anali awiri. Likongwe akayala dongo, Fulu ankayendapo ndi chifuwa chake chosalala, kupita n'kubwera, mpaka poyalapo pankawala.

Nyimbo inati mayadi makumi awiri ndi imodzi, yatsala imodzi, ndipo kunali kutatsala masiku anayi kuti a Ng'azi afike. Tsiku limenelo Nkhanga anabwera kudzauza Mvuu kuti malo ake atenge, gulu latha. Podutsa anapalasa udzu uja mwachizolowezi cha nkhanga, n'kuona chinthu chakuda, chosalala, chotalika. Anapalasanso. Anaima kukamwa kuli yasa.

"A kaputeni, chonde," anatero Likongwe, "tsekani pakamwa masiku awiri okha."

Ankanena ndi ndani? Nkhanga anali atauluka kale. "Mphasa yasamuka! Mphasa yasamuka! A Njati anyamula okha ndi mapazi awo!" Anakuwa kumsika, anakuwa kudambo, anakakuwanso pamwamba pa mpanda wa bwalo lenilenilo.

Madzulo amenewo kuchitsime sikunabwere chiboda ngakhale chimodzi. Njati analetsa. Thobwa linangosasa mumphika.

Nkhanga anabwerera mutu uli pansi, gulu lonse lili pambuyo pake. "Mayi, ndalakwa kawiri. Ndinakunyozani, lero ndakuwonongerani. Kodi a Ng'azi sangalole mayadi makumi awiri ndi imodzi?"

"Amabwera ndi chingwe choyezera. Sangalole."

"Ndiye tatha."

"Sitinathe. Pakamwa panupo pandiwonongera, pomwepo pandikonzere. Mawa m'mawa mupite kubwalo, anthu atadzaza. Mukanene mokweza kuti Likongwe akuti a Tcheya akulira chabe, pamene panachoka dongo ndi kadzenje kosabisa ngakhale chiboda cha mwana wa gwape."

"Andipha!"

"Muli ndi mapiko. Mukanene katatu."

Nkhanga anakanena kasanu, poti ntchito yolankhula sankaichita moperewera. Njati anafwenthera ukali. "Kadzenje? Akuti kadzenje? Bwerani muone nonse!" Analumphira pakati pa bwalo, pamene panali mphasa. Masabata onse aja a kuthirira anali atasiya chithaphwi, ndipo Njati anamira mpaka m'mawondo, miyendo yonse inayi. Anatuluka movutikira, dongo lakuda lili phaa ngati wavala majombo.

"A Tcheya, ndikutsukeni," anatero Njiri.

"Usandikhudze! Umenewu ndi umboni. Ndikamuonetse m'maso mwake mayi wabodzayo, kenako ndimuponde!"

Ananyamuka, gulu lake lonse lili pambuyo. Anayenda mosamala, kutangadza miyendo kuti umboni usagwe m'njira.

A kiriketi atamuona anathawira m'mitengo, Fulu n'kulowa m'chigoba. Likongwe yekha anatsala, atagwada kumapeto kwa mphasa, pamene pankaperewera yadi ija, lichero lili pambali.

"Ona!" anabangula Njati ataima pamwamba pake. "Kadzenje kameneka? Kafika pati?"

"Kafika m'mawondo, a Tcheya. Ndinanama."

"Unandibera bwalo langa!"

"Sindinatulutse ngakhale kachibuma, a Tcheya. Munalamula kuti wa kiriketi asanyamule, ndipo sitinanyamule. Mlonda wanu ali apo, mufunseni."

Njiri anakanda kumutu. "Zoona, bwana. Ankatuluka ndi mtsuko wopanda kanthu."

"Khala chete iwe!"

Njati anapitiriza kukalipa. Anatchula agogo ake amene analambula bwalo, anatchula zikho zimene anapambana, anatchula ulemu umene unatha pa dziko. Ali pakati pokalipa, Likongwe anayamba nyimbo ija chapansipansi, kuitana dongo, kunena kuti yatsala yadi imodzi. Kumbuyo a Mbidzi ndi a Nyumbu anavomera asanaganize n'komwe. Ndipo mwendo wa Njati wakutsogolo unanyamuka wokha.

Likongwe anapala. Njati ankakalipabe. Mwendo unatsika, wina n'kunyamuka. Likongwe anapala kuchokera m'bondo mpaka kuchiboda, zala zikuchucha magazi, nyimbo osaisiya. Wachitatu unanyamuka. Wachinayi unanyamuka. Pamene Njati ankati apume kuti apeze mawu ena, anamva miyendo yake ikupepuka ndi kuzizira bwino. Anayang'ana pansi. Umboni wonse unali utayalidwa kumapeto kwa mphasa, Likongwe akuusalaza ndi zikhatho.



Njati anatukula chiboda chake pamwamba pa mutu wa Likongwe. Mayiyo ankachita mantha, koma sanathawe. Anangosendera pang'ono n'kugona pakati penipeni pa dongo latsopanolo.

"Pondani, a Tcheya," anatero. "Koma mundipondere pano. M'pamene pakufunika kulimba, ndipo ine mphamvu zogogodera zandithera."

Chiboda chinakhala m'mwamba. Njati anayang'ana mphasa ija kuchokera kumene inayambira mpaka pamene inathera, mayadi onse amene iye ndi anyamata ake anasenza akuimba. Anayang'ana timanja ta Likongwe, topanda chikhadabo ngakhale chimodzi.

"Zonsezi chifukwa cha kampira kamodzi?"

"Inu mukanasiya mpira wanu, a Tcheya?"

Chiboda chinatsika, dii! Nthaka inagwedezeka. Chinagwera pambali pa khutu la Likongwe, padongo. Chinanyamuka n'kutsikanso, dii! Njati anaponda ndi ukali wake wonse, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka ukaliwo unathera m'dongomo, yadi ija n'kulimba kuposa zinzake zonse.

"Choka apo ndimalize," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ndipo thobwa lija lisaleke. Ziboda zathu zinazolowera."

Patapita masiku atatu a Ng'azi anafika ndi chingwe chawo. Anayeza kamodzi, anayezanso, n'kupeza mayadi makumi awiri ndi awiri osaperewera. Nkhanga anabweza musi uja pamaso pa alendo, n'kupempha Likongwe kuti akhale pampando wakutsogolo. Iye anakana. Anakakhala pansi m'mbali mwa mphasa, manja atakulungidwa m'masamba. Gologolo anathamanga, n'kuponya. Kampira kanagunda dongo, n'kunjanja mpaka pachifuwa cha womenya.

Likongwe analira mokweza ngati pamaliro, osachita manyazi, mpaka masewera anaima kuti amalize.

Zikhadabo zake sizinamerenso bwino, ndipo sanakumbenso una moyo wake wonse; mpaka lero likongwe amagona m'mauna okumba ena. Nanga chithaphwi chija pakati pa bwalo la mpira? Pitani mukaone bwalo la kwanu mvula ikagwa, mudzandiuza pamene madzi amadikha.

Yanga yathera pano. Amene munakhala chete, kasambeni kumaso.